Waya wokokedwa: pezani tension poyamba, kenako liwiro ndi frequency ya mafunde

Funso la fizikisi lophatikiza katundu wopachikidwa pa waya ndi mafunde oyenda pa waya womwewo limavutitsa ophunzira ambiri muno mu Lusaka, kuyambira a Giredi 12 amene akukonzekera mayeso a ECZ mpaka a chaka choyamba ku UNZA. Masamu ake si ovuta kwenikweni. Chimene chimasokoneza n'chakuti ndi mafunso awiri omangidwa pamodzi, ndipo chowamanga ndi nambala imodzi yokha: tension, mphamvu imene waya wakokedwa nayo, yolembedwa T. Gawo loyamba limakupatsani T kuchokera pa mfundo yakuti zinthu zaima, sizikugwa ndiponso sizikuzungulira. Gawo lachiwiri limatenga T yomweyo n'kuilowetsa mu fomyula ya mafunde. T ikalakwika, zonse zotsatira zimalakwika ngakhale fomyulayo munailoweza bwino, choncho nthawi yambiri muithere pa gawo loyamba.

Jambulani musanagwire kakyuleta

Sankhani chinthu chimodzi chimene mawaya agwira, kaya ndi paipi, thabwa kapena chikwangwani, ndipo muchijambule chokha, chopanda khoma kapena denga. Pa mphamvu iliyonse imene ikuchikhudza ikanipo muvi. Waya amangokoka, sakankha, motero muvi wake uzichoka pa chinthucho kutsata waya. Kulemera kwa paipi yofanana thupi lonse muziike pakati penipeni. Pa hinji simungadziwiretu kumene mphamvu yaloza, ndiye ikanipo mivi iwiri, wina wopingasa H ndi wina woimirira V. Yankho likatuluka ndi minus, musafufute chojambula: zikungotanthauza kuti muviwo waloza mbali inayo.

Pomwepo sinthani makilogalamu kukhala manyutoni: W = mg. Gwiritsani ntchito g imene funso lapereka, kaya 9.8 kapena 10. Mukayeza nokha muno mupeza pafupifupi 9.78 m/s², chifukwa mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kuchokera pa nyanja yamchere ndipo uli madigiri 15 okha kum'mwera kwa equator. Kusiyanaku n'kochepa, koma musasinthe g pakati pa funso limodzi. M'zitsanzo zonse pansipa g ndi 9.8.

Paipi yopachikidwa pa mawaya awiri

Tengani paipi yachitsulo yotalika mamita 2.0, yolemera makilogalamu 12, yopachikidwa mopingasa pa mawaya awiri oimirira, A kumanzere ndi B kumanja, omangidwa kumapeto kwake. Waya aliyense ndi wotalika mamita 1.5 ndipo amalemera magalamu 9.3. Pa paipiyo pakoledwa thumba la makilogalamu 20, mamita 0.5 kuchokera pa A. Funso likufuna frequency yotsika kwambiri ya waya aliyense akakodoledwa. Frequency ndi kuchuluka kwa maulendo amene waya amagwedezeka pa sekondi imodzi, ndipo imayezedwa mu Hz.

Kulemera kwa paipi ndi 12 × 9.8 = 117.6 N, kwa thumba ndi 20 × 9.8 = 196 N. Mphamvu zokwera ziyenera kufanana ndi zotsika:

TA + TB = 117.6 + 196 = 313.6 N

Apa m'pamene ambiri amathamangira kugawa 313.6 pawiri n'kupatsa waya aliyense 156.8 N. Kugawa pakati kumagwira ntchito pokhapokha katundu yense ali pakati kapena waikidwa mofanana mbali zonse ziwiri. Anthu awiri akanyamula thumba la chimanga pa mtengo umodzi, amene thumbalo lamuyandikira ndiye phewa limamuwawa, ndipo waya A ali pa malo a munthu ameneyo.

Mfundo yachiwiri ndi ya ma moment. Moment ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pa malo amene mwasankha kukafika pa mzere wa mphamvuyo, mtundawo utakumana ndi mzerewo pa madigiri 90. Chinthu chikaima, ma moment ochizunguliza kotsata mivi ya wotchi amafanana ndi ochizunguliza mobwerera. Malo owerengerapo mutha kusankha paliponse, koma sankhani pamene padutsa mphamvu imene simukuidziwa, kuti mtunda wake ukhale ziro n'kuchoka mu masamu. Tiwerengere pa A:

TB × 2.0 = 117.6 × 1.0 + 196 × 0.5 = 215.6
TB = 107.8 N
TA = 313.6 − 107.8 = 205.8 N

Musapitirire musanatsimikize. Werengeraninso pa B: TA × 2.0 = 117.6 × 1.0 + 196 × 1.5 = 411.6, ndiye TA ndi 205.8 N. Zagwirizana. Kutsimikiza kumeneku sikudya nthawi ndipo kumagwira zolakwa zambiri, makamaka mtunda woyezedwa kuchokera ku mbali yolakwika. Yang'ananinso ndi maso: thumba layandikira A, TA yatuluka yaikulu, ndiye zikumveka.

Kulemera kwa waya weniweniyo sitinakuwerengere. Magalamu 9.3 ndi 0.09 N chabe, pamene TB ndi yoposa 100 N. Chodabwitsa n'chakuti magalamu omwewo, opanda ntchito mu gawo lino, ndi amene gawo lotsatira likudalira.

Kulowetsa T mu mafunde

Liwiro la funde pa waya ndi v = √(T/μ). Chilembo μ chikuimira makilogalamu a mita imodzi ya waya. Ndi waya yekha amene akulowa mu μ, osati thumba kapena paipi, chifukwa chimene chikugwedezeka ndi wayayo.

μ = 0.0093 ÷ 1.5 = 0.0062 kg/m

Mukasiya magalamu osawasintha, μ ikhala 6.2 ndipo liwiro lichepa ka 31.6, amene ndi √1000. Liwiro likatuluka 5 kapena 6 m/s pa waya wachitsulo wokokedwa ndi manyutoni mazana, bwererani pa μ. Nthawi zina funso silipereka kulemera kwa waya koma kunenepa kwake ndi density. Pamenepo μ = ρ × πd²/4, pamene ρ ndi density ndipo d ndi kunenepa kwa waya. Waya wachitsulo wa d = 1.0 mm ndi ρ = 7,850 kg/m³ amapereka 7,850 × 7.85 × 10⁻⁷, pafupifupi 0.0062 kg/m, monga wathuyu. Chenjerani ndi d ndi r, amene ndi theka la d: mukaika d pamalo a r mu πr², μ ikula kanayi ndipo liwiro lichepa ndi theka.

vA = √(205.8 ÷ 0.0062) = 182 m/s
vB = √(107.8 ÷ 0.0062) = 132 m/s

Waya womangidwa mbali zonse ziwiri sagwedezeka kumapeto kwake. Malo osagwedezekawo ndi ma node. Kumunsi, kumene waya wagwira paipi, timakutenganso ngati node chifukwa paipi ndi yolemera kwambiri poyerekeza ndi waya. Pa kugwedezeka kotsika kwambiri waya yense amapanga mimba imodzi, imene ndi theka la wavelength λ, kutalika kwa funde limodzi, choncho λ = 2L, pamene L ndi kutalika kwa waya. Pa mimba n, λ = 2L/n, ndipo frequency ndi

fn = n × v ÷ 2L

Ndiye fA = 182 ÷ 3.0 = 60.7 Hz ndipo fB = 132 ÷ 3.0 = 44.0 Hz.

Powerenga n, werengani mimba, osati ma node. Chojambula chokhala ndi ma node anayi, kuphatikizapo a kumapeto, chili ndi mimba zitatu. Funso likati first overtone likunena harmonic yachiwiri, n = 2. Likafunsa wavelength ya phokoso limene khutu likumva, musapereke mamita 3.0 a pa waya. Chimene chimachoka pa waya kupita mu mpweya chosasintha ndi frequency yokha. Mu mpweya liwiro ndi pafupifupi 340 m/s, ndiye 340 ÷ 60.7 ikupereka mamita 5.6.

Funso likatembenuzidwa

Olemba mayeso amakonda kuyambira kumapeto. Akuuzani za ma frequency n'kufunsa pamene thumba liyenera kukhala. Mwachitsanzo: thumba liikidwe pati kuti frequency yoyamba ya A ifanane ndi harmonic yachiwiri ya B?

Musawerengere liwiro la waya aliyense. Mawaya ndi ofanana kutalika ndi μ, choncho f imangotsata √T. Ngati fA = 2fB, ndiye √TA = 2√TB, kutanthauza TA = 4TB. Nambala 4 imeneyi ndiyo imaiwalika: frequency kuti ikwere kawiri, T iyenera kukwera kanayi. Tsopano bwererani ku gawo loyamba. 5TB = 313.6, ndiye TB = 62.72 N. Ma moment pa A, thumba lili pa mtunda x:

62.72 × 2.0 = 117.6 × 1.0 + 196x
x = 7.84 ÷ 196 = 0.04 m

Thumba likhale masentimita 4 kuchokera pa A. Yesani nokha funso lomweli ndi harmonic yachitatu. TA iyenera kukhala 9TB, TB itsika pa 31.36 N, ndipo x ituluka ndi minus. Masamu sanalakwike. Ngakhale thumba mutalimangirira pa A penipeni, waya B anyamulabe theka la paipi, 58.8 N, ndiye TA singapose TB ndi ka 4.33. Yankho loyenera n'kulemba kuti pa paipi imeneyi sizingatheke ndi kupereka chifukwa chake. Wophunzira amene wafufuta minus mwakachetechete wataya mfundo yonse ya funsolo.

Waya wopendekeka

Zikwangwani zina za mashopu a ku Kamwala ndi mu Cairo Road zimatuluka pa khoma pa chitsulo chopingasa, chogwidwa ndi waya kapena tcheni chopendekeka. Nachi chitsanzo: chitsulo cha mamita 1.2, makilogalamu 8, chili pa hinji kukhoma. Kumapeto kwake kwapachikidwa chikwangwani cha makilogalamu 5. Waya wachoka kumapeto komweko kukwera kukhoma, ndipo ngodya ya pakati pa waya ndi chitsulo ndi madigiri 30.

Werengerani ma moment pa hinji, kuti H ndi V zichoke zonse. Mbali ya T imene ikunyamula chitsulo ndi yoimirira yokha, T sin 30°. Mbali yopingasa, T cos 30°, ikungokankhira chitsulo kukhoma ndipo mzere wake wadutsa pa hinji.

T sin 30° × 1.2 = 78.4 × 0.6 + 49 × 1.2 = 105.84
T = 176.4 N

Katundu yense ndi 127.4 N, koma waya wakokedwa ndi 176.4 N. Musadabwe nazo: waya wopendekeka amakokedwa kuposa mbali imene akunyamula. Pa hinji, H = 176.4 × cos 30° = 152.8 N ndipo V = 127.4 − 88.2 = 39.2 N yokwera.

Pali misampha itatu pano. Woyamba ndi ngodya yoperekedwa kuchokera kukhoma m'malo mochokera pa chitsulo: pamenepo sin ndi cos zimasinthana, choncho lembani ngodyayo pa chojambula musanasankhe. Wachiwiri ndi kakyuleta yosiyidwa pa RAD. Tayipani sin 30, ikapanda kupereka 0.5 isintheni ikhale pa DEG. Wachitatu ndi umene umagwira ngakhale ochenjera: L ya mu fomyula ya frequency ndi kutalika kwa waya, osati kwa chitsulo. Waya ndi 1.2 ÷ cos 30° = 1.386 m. Ndi μ yomwe ija, v = √(176.4 ÷ 0.0062) = 169 m/s, ndipo f = 169 ÷ 2.77, pafupifupi 61 Hz. Amene waika 1.2 apeza 70 Hz. Funso likafuna nthawi imene kugunda kumodzi kumatenga kuchoka kumapeto kukafika kukhoma, ndi 1.386 ÷ 169 = 0.0082 s.

Ngodya ikachepa, T imakwera mofulumira kwambiri. Waya woyanikapo zovala wa mamita 6 atapachikidwa bulangeti lonyowa la makilogalamu 4 pakati, n'kutsika masentimita 15, ali ndi sin θ pafupifupi 0.15 ÷ 3 = 0.05, pamene θ ndi ngodya ya pakati pa waya ndi mzere wopingasa. Mbali ziwiri zikunyamula limodzi, 2T sin θ = 39.2, ndiye T ndi pafupifupi 392 N, kuchulukitsa kulemera kwa bulangeti ka 10. N'chifukwa chake mapolo oyanikira amapendekera mkati pakapita nthawi, ndipo n'chifukwa chake mawaya a ZESCO amasiyidwa otsikako pakati pa mapolo. Waya wopingasa wonyamula katundu sangakhale wowongoka ndendende, poti sin θ ikafika ziro T ikhala yopanda malire.

Zina zimene zimasintha T

Katundu akamizidwa m'madzi, T ndi kulemera kwake kuchotsapo kulemera kwa madzi amene wawakankha, ndipo frequency imatsika motsata √T. Ngati chopachikidwa ndi chingwe cholemera chopanda katundu kumunsi, T siifanana thupi lonse. Pa mtunda y kuchokera kumunsi T = μgy, ndiye v = √(gy), ndipo funde limathamanga kwambiri likamakwera.

Kutentha kumafuna kuti muonetsetse momwe waya wamangidwira. Waya wonyamula katundu wolendewera amatalika pang'ono kukatentha, koma T siisintha chifukwa katundu ndi yemweyo. Waya womangidwa pakati pa malo awiri osasuntha ndi nkhani ina: T imasintha ndi EAαΔθ, pamene E ndi kulimba kwa chitsulo pochikoka (Young's modulus), A ndi πd²/4, α ndi mlingo umene chitsulo chimatalikira pa digiri iliyonse, ndipo Δθ ndi kusintha kwa kutentha. Pa waya wathu wa 1.0 mm, E = 200 × 10⁹ Pa ndi α = 12 × 10⁻⁶, kusiyana kwa madigiri 20, monga pakati pa m'mawa wa mu July ndi masana a mu October, kumapereka pafupifupi 38 N. Kukazizira T imakwera, kukatentha imatsika.

Kuziyesa mu labotale ndi magetsi a 50 Hz

Fomyula imeneyi ndi yakale. Marin Mersenne anafalitsa malamulo a mawaya olira cha m'ma 1630, ndipo mutha kuwatsimikiza pa tebulo la ku sukulu. Pakufunika sonometer kapena thabwa lokhala ndi timilatho tiwiri tosuntha, pulley, waya wamkuwa wosakutidwa wa 0.5 mm, zitsulo zolemera zokolera ku waya, maginito wooneka ngati U, micrometer yoyezera kunenepa kwa waya, rula ya mita, ndi gwero la magetsi a AC otsika, mavoti 2 mpaka 4, okhala ndi rheostat yochepetsera magetsi. Waya wosakutidwa musamulumikize ku soketi ya 230 V ngakhale pang'ono. Magetsi azidutsa mu thiransifoma yotsitsa nthawi zonse, ndipo aphunzitsi aone malumikizidwe musanayatse.

Yambani ndi kuyeza kunenepa kwa waya pa malo atatu kapena anayi n'kutenga avereji. Mkuwa uli ndi ρ = 8,960 kg/m³, ndiye wa 0.5 mm ali ndi μ = 0.00176 kg/m. Yezani mosamala, chifukwa f imatsata 1/d: kuphonya ndi 0.02 mm n'kuphonya 4 peresenti, imene ndi 2 Hz pa 50.

Mangani waya mbali imodzi, mudutsitse pa timilatho ndi pa pulley, mukolereko makilogalamu 0.5, kuti T ikhale 4.9 N. Tizitsulo tolumikizira magetsi tigwire waya kunja kwa timilatho, osati pakati, chifukwa pakati tingalepheretse kugwedezeka. Maginito akhale pakati pa timilatho, waya adutse pakati pa miyendo yake osakhudza. Pindani kapepala kakang'ono ngati V n'kukakhazika pa waya pafupi ndi maginito. Yatsani, kenako sunthani kamlatho kamodzi pang'onopang'ono kwambiri, maginito akhalebe pakati. Pa kutalika koyenera waya amatupa mimba imodzi ndipo kapepala kamadumpha n'kugwa. Masamu akuti v = √(4.9 ÷ 0.00176) = 52.8 m/s, ndiye pa f = 50 Hz, L = v ÷ 2f = 52.8 ÷ 100, pafupifupi masentimita 53. Malo amenewa ndi opapatiza, ukasuntha mwachangu umawadumpha osaona kanthu. Afikeni kuchokera mbali zonse ziwiri n'kutenga pakati.

Bwerezani ndi makilogalamu 0.6, 0.7 mpaka 1.0, pamene L ifika pafupifupi masentimita 75. Jambulani girafu ya L² pa T. Uyenera kutuluka mzere wowongoka wodutsa pa ziro, slope yake 1/(4f²μ), pafupifupi 0.057 m²/N. Kuchokera pa slope mupeza f.

Mzere ukaphonya ziro, mwina mwaiwala kuwerengera kachitsulo kokolerapo zolemera, kapena pulley ikugwira ndipo T ya pa waya ndi yochepa kuposa mg. Gogodani pulley pang'ono nthawi iliyonse mwasintha katundu. Waya akayamba kufunda chepetsani magetsi ndi rheostat ndipo muzizimitsa pakati pa miyeso. Mukapeza kugwedezeka pa L yoposa mita imodzi ndi katundu wa 0.5, werengani mimba, chifukwa mwina mwagwera pa harmonic ina. Maginito ali pakati salimbikitsa harmonic yachiwiri, poti pakatipo ndi node yake, koma akasunthira kumbali imatuluka.

Labotale ina imagwiritsa ntchito waya wachitsulo wopanda magetsi, wokokedwa ndi electromagnet yoikidwa pafupi. Pamenepo yankho limatuluka 100 Hz, ndipo si kulakwitsa. Electromagnet imakoka chitsulo magetsi akamapita uku komanso akamabwerera, kawiri pa kuzungulira kulikonse, choncho gawani pawiri kuti mupeze frequency ya magetsi. Ngati tsikulo magetsi athima ndipo sukulu ikuyendera jenereta, frequency yake imatha kusuntha pang'ono kuchoka pa 50 Hz katundu wa jeneretayo akamasintha. Lembani mu lipoti lanu gwero limene munagwiritsa ntchito, ndipo miyeso yonse ya girafu imodzi muitenge pa gwero limodzi.